Kusankha chogonekapo muvi pa uta wosakira nyama

Pa uta wakumudzi muvi umagona pa chala cha dzanja logwira uta, ndipo ukapendekeka mlenje amaumva ndi khungu lake. Uta wamakono wa mawilo, uja wa compound umene Holless Wilbur Allen wa ku Missouri adalembetsa umwini wake mu 1969, sulola zimenezo. Muvi wake umathamanga mamita 80 kapena 90 pa sekondi imodzi, kutsogolo kuli mutu wa mipeni, choncho suyenera kuyandikira chala n'komwe. Umagona pa kachipangizo komangidwa pa thunthu la uta, kamene m'masitolo amakatcha arrow rest. Muvi ukachoka pa nsinga, chinthu chomaliza kuukhudza ndi chimenechi, ndipo chikaukankha molakwika ngakhale pang'ono, nyama imalasidwa m'matumbo m'malo mwa m'mapapo n'kukafera kutali patatha maola ambiri ikuvutika. N'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Malangizowa ndalembera makamaka abale amene amagwira ntchito m'mafamu a nyama ku Limpopo, ku Namibia ndi ku Zimbabwe, komwe kusaka ndi uta n'kololedwa motsatira malamulo, komanso amene ali ku America komwe alenje a uta ndi ochuluka. Ku South Africa chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, muwafunse musanagule kanthu. Ku Britain lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kusaka nyama ndi uta, kumeneko uta ndi wolasira chandamale basi. Ku Malawi kusaka kumafuna chiphaso cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo m'malo otetezedwa musayerekeze.

1. Yambani ndi uta wanu ndi mmene mumatayira nsinga

Musanayang'ane mitengo, dziwani ngati nsinga mumaikoka ndi zala kapena ndi release, kachipangizo komangirira padzanja kokokera ndi kutayira nsinga. Nsinga ikapulumuka pa zala imayamba yapita chambali, ndipo muvi umapindika uku ndi uku podutsa uta. Muvi wotere umafuna chinthu chouchirikiza m'mbali. Nsinga yotayidwa ndi release imapita molunjika, ndipo muvi umafuna kuchirikizidwa pansi kwambiri.

Ngati uta wanu ndi wopanda mawilo, recurve kapena longbow, ndipo mumakoka ndi zala, nkhani yanu ndi yaifupi. Matani kachikopa kaubweya pa shelefu ya uta, kamalo kopingasa pamwamba pa chogwirira pomwe muvi umadutsa, kena kopyapyala m'mbali mwake, ndipo gwiritsani mivi ya nthenga zenizeni, chifukwa zimafwafwanyika podutsa n'kubwerera mwakale. Nthenga za pulasitiki zimagunda shelefu n'kudumphitsa muvi. Mukafuna za pulasitiki chifukwa cha mvula, matani kogonekapo kokwera pang'ono monga Bear Weather Rest. Zogonekapo zodula zakugwa zokha, zimene ndifotokoze kutsogoloku, si zanu.

Zotsatirazi ndi za uta wa compound wokokedwa ndi release. Kumbukiraninso kuti zogonekapo zambiri zimapangidwa za amanja padera ndi za amanzere padera. Wokoka nsinga ndi dzanja lamanja amagula cha amanja.

2. Ganizirani komwe mukasake

Apa ndi pamene anthu ambiri amathamangira, chonsecho yankho lonse lagona pomwepa. Mlenje wokhala m'kanyumba kobisalira pafupi ndi dziwe amadikira njiri kapena nswala pa mtunda wa mamita 20 kapena kucheperapo. Chimene chingamuwonongere tsiku ndi phokoso. M'kanyumbamo muli zii, ndipo muvi ukangoti khwee pokoka uta, nyama yadzutsa mutu. Mlenje woyenda pansi, wokwawa m'minga ndi m'udzu muvi uli kale pa nsinga, vuto lake ndi lina: uta umapendekeka mbali zonse, muvi ukhoza kugwa n'kugunda thunthu la uta, kapena mpeni wake kumucheka dzanja. Wosaka m'chigwa chopanda mitengo, amene amaphunzira kulasa patali, amafuna kuti nthenga zisakhudze chilichonse.

Dzifunseni mafunso atatu. Kodi uta wanga udzakhala chilili kapena ndidzayenda nawo? Kodi ndimalasa bwino pa mtunda wotani, osati umene ndimalakalaka? Nanga chikawonongeka ndili kutchire, sitolo ya mauta ili kutali bwanji? Funso lachitatuli limalemera kwambiri kwa munthu wa pafamu yakutali kuposa kwa munthu wokhala ku Pretoria.

3. Dziwani mitundu imene ilipo

Wa burashi yozungulira. Dzina lodziwika ndi Whisker Biscuit, yopangidwa ndi Trophy Ridge. Ndi mkombero wodzaza ndi tsitsi lolimba ngati la mswachi, pakati pali bowo, chambali kampata kolowetsera muvi. Muvi ukalowa wagwidwa mbali zonse, ngakhale mutazondotsa uta sugwa. Mulibe chingwe, mulibe sipuling'i, mulibe choyenda. Kuipa kwake n'kwakuti muvi wonse ndi nthenga zake umadutsa m'burashimo. Liwiro limatsika pang'ono chabe, koma nthenga zofewa zazitali zimakwinyika pakapita nthawi, ndipo nthenga zenizeni zimanyenyeka msanga. Zazifupi zolimba, monga Blazer za mainchi 2, zimapirira bwino. Chinanso, poti muvi umakhudza burashi mpaka kumchira, dzanja lanu likagwedezeka nthawi yotaya nsinga muvi umatengera kugwedezekako.

Pogula yang'anani kukula kwa bowo. Limabwera laling'ono, lapakati ndi lalikulu, malingana ndi kunenepa kwa muvi. Muvi ugone momasuka, pamwamba pake patsale kampata kooneka. Ukathina umalira pokoka ndipo sukhala bwino poukonza. Tsitsi lapansi lakuda ndi lolimba kuposa linalo chifukwa ndilo limanyamula muvi, ndiye ikani muvi moti nthenga imodzi iloze kumwamba, pasakhale nthenga yodutsa pakudapo.

Wakugwa wokha, wotchedwa drop-away. Uwu uli ndi kamphanda konyamula muvi pamene mukukoka uta. Mukataya nsinga, kamphandako kamachirikiza muvi kanthawi kochepa kenaka n'kugwa nthenga zisanafike. Muvi umatuluka osakhudza kanthu, choncho mukhoza kumata nthenga zazikulu zopotoka zimene zimazunguza muvi ndi kuwongolera mutu wa mipeni. Mtunduwu uli pawiri, malingana ndi komwe kumamangidwa chingwe choyendetsa kamphandako.

Wina chingwe chake chimamangidwa ku kebulo ya uta (chimodzi mwa zingwe zoyendetsa mawilo) imene imatsika pokoka. QAD Ultrarest ndi Ripcord ndi za mtundu umenewu. Ubwino wa QAD ndi wakuti mumadzutsa kamphandako ndi chala chachikulu musanakoke, muvi n'kutsekeredwa pakati pa kamphanda ndi kachitsulo kapamwamba. Nyama ikatembenuka inu n'kubweza nsinga pang'onopang'ono, kamphandako sikagwa. Kwa woyenda pansi zimenezi n'zofunika kwambiri. Chovuta ndi nthawi yake: chingwe chikafupika kapena kutalika, kamphanda kamadzuka msanga kapena kugwa mochedwa. Kulowetsa chingwecho pakati pa ulusi wa kebulo kumafunanso makina opanira uta otchedwa bow press, pokhapokha mutagwiritsa kopanira ka masikuluwu.

Winawo chingwe chake chimamangidwa ku mkono wa uta, wam'mwamba kapena wam'munsi. Hamskea ndi Vapor Trail ndiwo amadziwika nawo. Mukamakoka, mkono umapinda, chingwe chimakhwepa, sipuling'i n'kudzutsa kamphanda. Mukataya, mkono pobwerera umakoka chingwe n'kugwetsa kamphandako mwamphamvu. Sufuna bow press, ndipo chingwe chikaduka mumamanga china pomwepo. Koma chingwecho ndi chachitali, chimayenda m'mbali mwa uta, ndipo minga imachikonda.

Wa kalilime kachitsulo, wotchedwa blade, ndi wa ampikisano olasa chandamale. Ndi wolunjika zedi, koma muvi umangokhala pa nsonga yopyapyala popanda chougwira. Kutchire musapite nawo.

Maganizo anga ndi awa. Amene mukuyamba kumene, kapena mumasaka pa mamita osapitirira 30, kapena muli kutali ndi okonza mauta, tengani wa burashi. Ndalama yotsalayo mugulire mivi yabwino ndi chandamale chophunzirirapo. Amene mwazolowera uta wanu, mumalasa patali, ndipo mukufuna mitu ya mipeni yosapindika ndi nthenga zazikulu, tengani wakugwa wokha, koma ukhale wotsekera muvi mbali zonse. Pa mitundu iwiri ya wakugwa wokhayo ine ndimakondera wa ku mkono chifukwa munthu amaukonza yekha. Sindigwirizana ndi amene amanyoza burashi kuti ndi ya ana. Burashi yoikidwa bwino imalasa molunjika kuposa chodula chomangidwa mwachisawawa.

4. Onani ngati chikwanira pa uta wanu

Pamwamba pa shelefu pali bowo la mazinga lotchedwa Berger hole, dzina lochokera kwa katswiri wa uta Vic Berger. Bawuti yake ndi ya 5/16-24, ya mainchi, ndiye bawuti ya mamilimita ya kuhadiweya musaikakamize, mudzadya mazinga a uta. Ma Allen key akenso nthawi zambiri ndi a mainchi. Mauta ena ali ndi mabowo awiri, ndipo chogonekapo chomangidwa ndi mabawuti awiri sichizungulira. Kuyambira 2019, pamene QAD ndi Mathews adabweretsa Integrate Mounting System, mauta ambiri atsopano ali ndi kanjanji kumbuyo kwa thunthu komwe chogonekapo chimaluma mwachindunji. Chogonekapo cha kanjanji sichikwera pa uta wopanda kanjanjiko.

Ngati n'kotheka pitani ndi uta wanu ndi muvi wanu kusitolo. Onani kuti chogonekapo sichikugunda makebulo, chomangirapo sight (kachipangizo kolunjikira) kapena phodo, ndiponso kuti kamphanda kakagwa kakugona pansi mokwanira osatsamira mlomo wa shelefu.

5. Chigwireni m'manja musanalipire

Gwedezani kamphanda ndi zala. Kakamasewera chambali, siyani, chifukwa kusewerako kumakula. Chigogodeni pang'ono mumve ngati muli cholira m'kati. Onani ngati chili ndi timizere toyezera, pokwezera ndi posunthira chambali, ndiponso ngati mbali ziwirizi zili ndi masikuluwu osiyana. Chimene mumamasula sikuluwu imodzi zonse n'kugwa chimatopetsa pokonza. Zina zili ndi kotembenuza kamene kamasuntha pang'onopang'ono, kotchedwa micro-adjust. Kamawonjezera mtengo, koma ngati mukagwiritsa mitu ya mipeni yosapindika ndi ndalama yopita pabwino, poti kusuntha kofunika kumakhala kosakwana milimita imodzi.

Funsaninso ngati burashi, kamphanda ndi chingwe zimagulitsidwa pazokha komwe muliko.

6. Chimangeni motere

Mangani bawuti yaikulu, chogonekapo chikhale chopingasa bwino. Ikani muvi pa nsinga, pakati pa mfundo za D-loop, kachingwe komangidwa pa nsinga kokolapo release, ndipo ngati chili chakugwa chokha dzutsani kamphanda mpaka pamwamba. Kwezani kapena tsitsani mpaka muvi upingase pakati pa Berger hole mukauyang'ana chambali. Muvi ndi nsinga zipange ngodya ya madigiri 90, kapena mchira ukwere ndi mamilimita 2 okha.

Kenaka yezani kuchokera pakhoma la thunthu la uta kufika pakati pa muvi. Mauta ambiri amayambira pa 13/16 ya inchi, pafupifupi mamilimita 21, koma buku la uta wanu likanena zina tsatirani bukulo. Imikani uta patsogolo panu, tsinzinani diso limodzi, muone ngati nsinga ikugawa muvi pakati kuyambira kumchira mpaka kunsonga.

Cha ku kebulo, mangani chingwe m'munsi mwa chogonekapo pa kebulo yotsika, ndipo kamphanda kafike pamwamba penipeni mu masentimita 2 kapena 3 omaliza a kukoka. Pemphani mnzanu ayang'ane chambali inu mukukoka. Chingwe chikamakoka kebulo mpaka kuipinda, chafupika kwambiri ndipo chingasokoneze mawilo. Cha ku mkono, chingwe chikhale chokungika uta uli phee, kamphanda kali pansi.

Poyesa zonsezi muvi ukhale pa nsinga ndipo uloze ku chandamale. Uta wa compound ukapulumuka wopanda muvi umatha kuthyoka mikono ndi kuvulaza nkhope. Muvi upitirirenso chogonekapo ndi masentimita 2.5 kapena kuposerapo mutakoka mpaka kumapeto. Waufupi ukhoza kugwera kumbuyo kwa kamphanda n'kulowa m'dzanja.

7. Fufuzani ngati nthenga zikukhudza

Musayambe kusuntha masikuluwu musanachite izi, chifukwa nthenga zikamagunda, kuyeza kwina konse kumanama. Poperani mankhwala a ufa woyera a kumapazi pa nthenga ndi pa chogonekapo, kapena pakani lipisitiki m'mphepete mwa nthenga. Lasani kamodzi, ndiye yang'anani pa kamphanda, pa shelefu ndi pa makebulo. Pa chakugwa chokha pasapezeke chizindikiro. Chikapezeka pa kamphanda, mwina kakugwa mochedwa, mwina kakugunda shelefu n'kudumphanso. Konzani chingwe, kapena matani kalabala pansi pake. Chikapezeka pa kebulo, potozani noko ya muvi, kapulasitiki ka kumchira kolowa pa nsinga, pang'ono kuti nthenga zisinthe malo.

8. Lasani pa pepala

Dulani bowo lalikulu pa katoni, matanipo pepala lokungika, liimikeni molingana ndi phewa lanu, chandamale chili kumbuyo kwake pa mtunda woposa kutalika kwa muvi. Imani mamita 2 kuchokera papepalapo. Lasani ndi mutu wophunzirira, wopanda mipeni, dzanja logwira uta lili lomasuka. Chimene mukufuna ndi bowo limodzi lozungulira ndi timing'alu ta nthenga tofanana.

Yambani ndi za kumwamba ndi pansi. Ngati nthenga zang'amba pamwamba pa bowo la nsonga, kwezani chogonekapo pang'ono. Zikang'amba pansi, chitsitseni. Mukatha apo onani za m'mbali: nthenga zikang'amba kumanzere kwa bowo la nsonga, sunthirani chogonekapo kumanja, zikang'amba kumanja, chisunthireni kumanzere. Musunthe theka la milimita nthawi imodzi, n'kulasa kawiri kapena katatu musanasunthenso.

Mukaona kuti mwasuntha mamilimita 3 kuchoka pomwe munayambira koma mng'alu sukutha, lekani, vuto silili pa chogonekapo. Kawirikawiri ndi dzanja lofinya uta, nkhope yokanikiza nsinga, muvi wofewa kapena wolimba mosayenera uta wanu, kapena mawilo osayendera pamodzi. Bwezani chogonekapo pakati, muyambe mwathana ndi zimenezo. Anthu ambiri amataya chogonekapo chabwino pamenepa n'kukagula china, mng'alu uja n'kuwatsatira.

9. Yesani ndi mutu umene mukasakire

Pepala ndi poyambira chabe. Mipeni ya mutu wosakira imagwira mphepo, ndipo muvi ukachoka mopendekeka imaukokera kumbali. Patulani mutu umodzi wophunzirira wolemera mofanana ndi wosakirawo. Pa mamita 20 lasani wa mipeni poyamba, kenaka wophunzirira, kuti mipeni isadule nthenga za muvi wina. Bwerezani mpaka muone pomwe gulu lililonse likugwera.

Wa mipeni ukamagwa pansi pa wophunzirira, kwezani chogonekapo. Ukamagwa pamwamba, chitsitseni. Ukamagwa chambali, sunthani pang'ono kwambiri mbali imodzi n'kulasanso: mpata ukachepa pitirizani, ukakula bwererani mbali inayo. Magulu awiriwa akakumana, pitani pa mamita 30 ndi 40 mukaonenso. Sight muikonze pomalizira. Kusuntha sight kuti itsatire mutu wa mipeni pamene magulu ali osiyana ndi kubisa matenda, chifukwa muvi ukadali kuuluka chopendekeka ndipo sulowa mozama m'nyama. Pa nyama ya mafupa olimba monga nyumbu kapena ngoma yamphongo kusiyanako kumaoneka.

10. Thetsani phokoso

Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kuposa muvi kanayi. Nswala ndi njiri zimamva uta muvi usanafike, zimanyutuka kuti zithawe, ndipo muvi wolunjika pamtima umakalasa pamsana. Phokoso la uta simungalithetse lonse, koma la chogonekapo mungathe. Matani kansalu kofewa ka felt pa kamphanda, pa shelefu yonse, ndi pakhoma la thunthu pomwe muvi ungagunde. Dziwani kuti kansaluko kamakweza muvi pang'ono, ndiye ndi bwino kukamata musanalase pa pepala, ndipo mukakasintha muyesenso.

Lowani m'chipinda chachete usiku, kokani uta pang'onopang'ono muvi utaloza ku chandamale, mumvetsere. Chimene mwamva inu, nyama idzachimva kuposa. M'miyezi ya chilimwe fumbi limamatirira pa muvi ndi m'burashi, n'kumalira ngati mchenga. Pukutani mivi ndi kansalu m'mawa uliwonse, burashi muichotse njere za udzu. M'kati mwa chakugwa chokha musathiremo mafuta ngati opanga sadanene, poti mafuta amasonkhanitsa fumbi ndipo kamphanda kamayamba kugwa mochedwa.

11. Lembani zizindikiro ndi kunyamula zosinthira

Zonse zikakhala bwino, limbitsani masikuluwu, ndipo lembani ndi cholembera cha penti pomwe chogonekapo chakumana ndi thunthu, pa timizere toyezera, ndi pa chingwe pomwe chalowa. Jambulaninso ndi foni. Uta umagwedezeka kumbuyo kwa galimoto m'misewu yafumbi, ndipo ndi zizindikirozo mudzaona msanga ngati china chasuntha.

Chingwe chikayamba kunyenyeka chisintheni tsiku lomwelo, paja muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Burashi ikakumbika pansi moti muvi wayamba kugona motsika, gulani ina. M'chikwama musasowe ma Allen key oyenera, chingwe cha D-loop chotalika mita imodzi, laitala yowotchera nsonga zake, ndi felt wapadera. Amene muli ndi chakugwa chokha ndipo mukupita kutali kwa masiku angapo, tengani burashi yotchipa imene mudaiyesapo kale pa uta womwewo n'kulemba malo ake. Mukafika kumsasa, musanapite kokabisalira, lasani muvi umodzi wa mipeni pa mamita 20. Ukagwa pena, tsiku limenelo ndi lokonza uta, kusaka kudikire mawa.